Gheorghe Hagi: mfumu ya mpira yomwe inkasowa mtendere m'midzi ya eni

Pa 18 Juni 1994, pa bwalo la Rose Bowl ku Pasadena m'dziko la America, mnyamata wamfupi wovala jezi ya nambala 10 analandira mpira chakumanzere, kufupi ndi mzere wa m'mbali mwa bwalo. Pamalo ngati amenewo wosewera aliyense amangoponya mpira pakati kuti anzake akalimbane nawo ndi mutu. Iye anadzutsa nkhope kamodzi, n'kuona kuti goloboyi wa Colombia, Óscar Córdoba, wasuntha pang'ono pagolo. Anaukankha mpirawo kamodzi, kenako n'kuumenya ndi mwendo wamanzere. Unakwera, unakhota, unamudutsa Córdoba pamutu n'kukagwera mu ukonde kukona yakutali.

Mpaka lero anthu amatsutsana ngati ankafunadi kugoletsa kapena unali mpira woponyera anzake umene unangosochera. Ine ndili kumbali ya onena kuti ankafuna, chifukwa m'chigawo chomwecho anali atamuyesa kale goloboyiyo ndi mpira wina wapatali, Córdoba n'kuupatula movutikira. Munthu sasochera kawiri njira imodzimodzi.

Mnyamatayo anali Gheorghe Hagi wa ku Romania. Dzinalo amalitchula kuti "Haji", ndipo kwawo amangomuti Gică, kapena Regele, kutanthauza Mfumu. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi imene ankachita zimenezi pamaso pa dziko lonse, iye ankasewera mu ligi yachiwiri ya ku Italy, m'timu ya Brescia. Zaka ziwiri m'mbuyomo Real Madrid inali itamusiya kuti apite. World Cup itangotha Barcelona inamugula, koma nakonso anakatha zaka ziwiri akulowa n'kutuluka, nthawi zambiri akufunditsa benchi. Kenako, ali ndi zaka 31, pamene ambiri ankati watha, anapita ku Turkey n'kukachita zimene timu ina iliyonse ya m'dzikolo inali isanachitepo.

Zinatheka bwanji kuti munthu waluso chotere alephere kukhazikika m'matimu awiri aakulu kwambiri a ku Spain, koma n'kumawala kwina konse? Yankho lili mu ndale za dziko limene anabadwira, m'malamulo a mpira a nthawiyo, komanso mu mtundu wa mpira umene iye ankadziwa.

Mpira pansi pa Ceaușescu

Hagi anabadwa pa 5 Febuluwale 1965 m'mudzi wa Săcele, m'chigawo cha Constanța, kufupi ndi nyanja ya Black Sea. Banja lake ndi la mtundu wa Aromani, anthu ochepa omwazikana m'maiko a ku Balkan, amene chilankhulo chawo n'chapachibale ndi cha ku Romania ndipo kale ankadziwika ndi kuweta nkhosa. Chaka chimene anabadwacho n'chimenenso Nicolae Ceaușescu anatenga utsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu. Choncho zaka 24 zoyambirira za moyo wake, Hagi sankadziwa wolamula wina.

M'dziko lotero, matimu a mpira sanali a anthu a bizinesi. Steaua București inali ya asilikali. Dinamo București inali ya unduna wa za m'dziko, umene unkayang'anira apolisi. Zimenezi sizachilendo kwa ife amene tinakula tikuona Moyale Barracks ndi Blue Eagles, kapena Green Buffaloes ndi Nkwazi ku Zambia. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Romania mphamvu za nthambi za bomazi zinkalowa mpaka m'bwalo. Timu ya asilikali ikafuna mnyamata waluso, njira inalipo yosavuta, chifukwa mnyamata aliyense ankayenera kukagwira ntchito ya usilikali. Komanso wosewera amene ali pachimake sankaloledwa kukasewera kunja. Chilolezo chinkabwera miyendo itayamba kale kulemera.

Hagi anayamba kusewera mu ligi yaikulu mu 1982 ndi timu ya kwawo ku Constanța. Pa 10 Ogasiti 1983, ali ndi zaka 18, mphunzitsi Mircea Lucescu anamulowetsa koyamba m'timu ya dziko pa masewero a ku Oslo ndi Norway. Dzina la Lucescu musaliiwale, libweranso kawiri. Chaka chomwecho anasamukira ku likulu, kukasewera Sportul Studențesc, timu ya ophunzira, ndipo kumeneko anakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi yonse zaka ziwiri zotsatizana, 1985 ndi 1986. M'chaka chachiwiricho anamwetsa 31. Wosewera pakati, osati kutsogolo.

Mmene anapitira ku Steaua ndi nkhani yoonetsa bwino kayendedwe ka zinthu masiku amenewo. Mu Meyi 1986 Steaua inadzidzimutsa Ulaya yonse potenga European Cup, yomwe lero ndi Champions League, itagonjetsa Barcelona pa mapenate ku Seville. Goloboyi Helmuth Duckadam anagwira mapenate onse anayi. Hagi sanali m'timuyo. Koma mu Febuluwale 1987 Steaua inkayenera kukumana ndi Dynamo Kyiv ku Monaco pa chikho cha Super Cup, ndiye inamubwereka kwa masewero amodzi okha. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Hagi anamenya friikiki, mpira unagunda wotchinga n'kulowa. Masewero anatha 1-0. Wobwerekedwa uja sanabwererenso kwa eni ake. Panalibe woti akadandaule kwa ndani, poti mwana wamkulu wa Ceaușescu, Valentin, anali mkhalakale pa timu ya Steaua.

Steaua imeneyo inasewera masewero a ligi 104 motsatizana osagonja, kuyambira 1986 mpaka 1989. Hagi anamwetsa zigoli 76 m'masewero a ligi 97 ndipo anatenga ligi katatu. Manambala amenewa tiyenera kuwalandira ndi maso awiri. M'fainolo ya chikho cha dzikolo mu 1988, woimbira anakana chigoli cha Steaua kumapeto kwa masewero ponena kuti panali ofusayidi. Osewera a Steaua anatuluka m'bwalo, ndipo pambuyo pake akuluakulu anangogamula kuti chigolicho chinali chabwino, chikho n'cha Steaua. Ulamuliro utasintha, timuyo inachikana chikhocho. Mu ligi yotere, n'kovuta kudziwa kuti luso lathera pati ndipo mantha ayambira pati.

Koma kunja kwa Romania kunalibe woopa Valentin, ndipo kumeneko timuyo inkapambanabe. Inafika m'semifainolo ya European Cup mu 1988, n'kufika m'fainolo mu 1989. Tsoka lake, pa bwalo la Camp Nou inakakumana ndi AC Milan ya Arrigo Sacchi, yomwe inaikwapula 4-0, Ruud Gullit ziwiri, Marco van Basten ziwiri. Hagi usiku umenewo sanaoneke n'komwe. Osewera a Milan ankamuunjirira asanatembenuke. Ukayang'ana bwino, masewero amenewo ankalosera kumene mpira unkalowera, komanso mavuto amene osewera a mtundu wa Hagi adzakumane nawo.

Mnzake wina, Miodrag Belodedici, sanadikire. Kumapeto kwa 1988 anathawira ku Yugoslavia, ndipo kwawo anamugamula kuti ndi woukira dziko, zaka khumi m'ndende, iye kulibe. Hagi anakhala. Chitseko chinamutsegukira mu Disembala 1989, anthu ataukira boma, Ceaușescu ndi mkazi wake n'kuwomberedwa pa tsiku la Khirisimasi.

Nambala 10 ndi mtengo wake

Tisanamutsatire ku Spain, timvetsetse kaye kuti Hagi anali wosewera wamtundu wanji, chifukwa mfundo yonse yagona pamenepa.

Nambala 10 wa masiku amenewo sankapatsidwa malo amodzi. Ankayendayenda pakati pa osewera apakati ndi akutsogolo, pena kumanzere, pena kumanja, kufunafuna pamene pali mpata. Anzake akalanda mpira, lamulo linali limodzi: mupatseni iyeyo. Iye ndiye ankasankha kuti tithamange kapena tidekhe, tidutse pakati kapena m'mbali. Hagi ankatha zonse. Ankadyetsa njomba, ankaponya mpira wautali wogwera pa phazi la mnzake, ndipo ankamenya kuchokera kutali kumene ena saganizira n'komwe za golo.

Koma munthu wotere ali ndi mtengo wake. Amayesa zinthu zovuta, ndiye amataya mpira kawirikawiri. Akautaya sabwerera msanga kukathandiza kutchinga. Pamafunika anthu awiri kapena atatu pakati amene avomera mumtima kuti ntchito yawo ndi kumuthamangira iyeyo. Pamafunikanso mphunzitsi wopirira, woti akaona mipira inayi yatayika asamutulutse, podziwa kuti wachisanu ndi umene ubweretse chigoli. Ku Steaua zonsezi zinalipo. M'timu ya dziko zinalipo. Funso linali lakuti kodi timu yodzaza kale ndi mafumu ingavomere zimenezi kwa mlendo.

Madrid, Tenerife ndi Brescia

World Cup ya 1990 ku Italy ndi imene ambiri a ife timaikumbukira chifukwa cha Cameroon, ndipo Romania inali m'gulu limodzi ndi Cameroon. Hagi sanasewere masewero oyamba, amene anzake anagonjetsa Soviet Union 2-0, chifukwa anali pachilango cha kadi yofiira. Anabwerera pa masewero a ku Bari, n'kukaonerera pafupi Roger Milla, bambo wa zaka 38, akumwetsa ziwiri n'kukavina pakona. Romania inagonja 2-1, inalepherana ndi Argentina ya Maradona 1-1, kenako Ireland inaitulutsa pa mapenate m'ndime ya matimu 16.

Zimene anaonetsa zinakwanira kuti Real Madrid imugule. Anafika m'timu yomwe inali itangotenga ligi kasanu motsatizana, yokhala ndi eni ake: Emilio Butragueño, Míchel, Manolo Sanchís, ana a panyumba, kuphatikizapo Hugo Sánchez wa ku Mexico. Anthu amenewa sakanayamba lero kuthamangira mnyamata wochokera ku Bucharest amene anali asanakhalepo kunja kwa dziko lake. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndiye pano analipo anayi kapena asanu. Kuwonjezera apo, m'zaka ziwiri zokha Hagi anaphunzitsidwa ndi anthu anayi: John Toshack, Alfredo Di Stéfano, Radomir Antić ndi Leo Beenhakker. Chaka choyamba chinali chovuta. Chachiwiri, Antić atamukhulupirira, anayamba kuoneka Hagi weniweni, mpaka kumwetsa chigoli chochokera chapakati pa bwalo pa masewero ndi Osasuna. Koma akuluakulu a timuyo anamuchotsa Antić timu ili pamwamba pa ligi.

Pa tsiku lomaliza la ligi mu Juni 1992, Real Madrid inapita ku Tenerife ikufunika kupambana basi kuti itenge chikho. Fernando Hierro anagoletsa choyamba. Hagi anamenya friikiki, 2-0. Zinkaoneka kuti zatha. Kenako Tenerife inabweza chimodzi, chachiwiri, chachitatu. Masewero anatha 3-2, chikho chinapita ku Barcelona. Ndimaganiza kuti tsiku limenelo zikanatha mwina, mbiri ya Hagi ku Spain bwenzi tikuifotokoza mosiyana. Anachoka ndi zigoli 16 m'masewero a ligi 64.

Kumene anapita kunadabwitsa anthu. Brescia inali timu yaing'ono yongolowa kumene mu Serie A. Koma mphunzitsi wake anali Lucescu, yemwe uja anamupatsa mwayi ali ndi zaka 18, ndipo anali atasonkhanitsa anyamata akwawo monga Florin Răducioiu ndi Ioan Sabău. Kunali ngati kubwerera kumudzi. Timuyo inatuluka mu ligi yaikulu mu 1993, Hagi anatsika nayo, n'kuithandiza kubwerera mu 1994. Ndi mmene zinakhalira kuti mmodzi mwa osewera abwino kwambiri pa World Cup ya chaka chimenecho anachokera mu Serie B.

Milungu itatu ya ku America

Ngakhale kupita ku America kwenikweniko kunali kwa mwayi. Mu Novembala 1993 ku Cardiff, Hagi anagoletsa choyamba, Wales inabweza, kenako inapatsidwa penate. Paul Bodin anamenyetsa mtanda wa golo. Răducioiu anagoletsa chachiwiri chakumapeto, Romania inadutsa.

Mphunzitsi Anghel Iordănescu anaikonza timuyo mofanana ndi nyumba yomangidwa pozungulira mzati umodzi. Kumbuyo kunali Belodedici, yemwe uja anathawa, atabwerera. Panali Gheorghe Popescu, Ioan Lupescu ndi Dorinel Munteanu, anthu osatopa. Dan Petrescu ankakwera ndi kutsika kumanja. Timuyo inkalola adani kukhala ndi mpira, n'kumadikira. Ikangoulanda, mpira unkapita kwa Hagi, ndipo pa masekondi ochepa unkakhala uli kugolo linalo.

Colombia inabwera ikutamandidwa, poti miyezi ingapo m'mbuyomo inali itathira Argentina 5-0 ku Buenos Aires komweko. Romania inaigonjetsa 3-1. Masewero otsatira Switzerland inawatsitsa pansi ndi 4-1, Hagi n'kupeza chopukutira misozi. Kenako anagonjetsa eni bwalo, America, 1-0, n'kukhala oyamba m'gulu lawo.

Masewero amene ndingauze aliyense kuti akafunefune pa intaneti ndi a pa 3 Julayi, olimbana ndi Argentina. Maradona anali atangochotsedwa mu mpikisano atapezeka ndi mankhwala oletsedwa m'thupi. Răducioiu anali pachilango, ndiye Iordănescu anaika Ilie Dumitrescu yekha kutsogolo. Dumitrescu anagoletsa pa friikiki, Gabriel Batistuta anabweza pa penate. Patangopita mphindi ziwiri, Hagi ali chakumanja anadutsitsa mpira wapansi pakati pa miyendo yambirimbiri ya otchinga, wofewa ngati akupatsira mwana, Dumitrescu n'kungoulozetsa mu ukonde. M'chigawo chachiwiri Argentina inakhamukira kutsogolo, mpira unatayika, Dumitrescu anathamanga nawo kuchokera kuchigawo chake. Atafika kufupi ndi bokosi anaima kaye, ngati wasokonezeka. Ankadikira. Kumanja kwake kunkabwera Hagi ali pa liwiro. Anamukankhira, ndipo Hagi, munthu wamanzere, anaumenya ndi mwendo wamanja kukalowa m'mwamba. Zinatha 3-2.

M'kotafainolo anakumana ndi Sweden. Sweden itatsogola, Răducioiu anabweza chigoli kutatsala mphindi ziwiri, n'kugoletsanso m'mphindi zowonjezera. Sweden inatsala ndi anthu khumi. Kutatsala mphindi zisanu kuti Romania ilowe m'semifainolo, goloboyi Florin Prunea anatuluka kukatenga mpira wa m'mwamba n'kuchedwa, Kennet Andersson anamutsogolera ndi mutu. Pa mapenate Hagi anagoletsa yake, koma Thomas Ravelli anagwira ya Petrescu ndi ya Belodedici. Kutali kumene Romania inafikapo pa World Cup n'kumeneko. Chaka chimenecho Hagi anakhala wachinayi pa mavoti a Ballon d'Or.

Barcelona ya Cruyff

Mphunzitsi wa Barcelona, Johan Cruyff, anamutenga kuti alowe m'malo mwa Michael Laudrup, amene anali atapita ku Real Madrid. Papepala zinkaoneka zokongola. Koma panali zopinga ziwiri.

Choyamba chinali lamulo. Timu inkaloledwa kukhala ndi osewera akunja atatu okha m'bwalo nthawi imodzi, ndipo Barcelona inali kale ndi Ronald Koeman, Hristo Stoichkov ndi Romário. Wina ankayenera kukhala panja sabata iliyonse. Chigamulo cha khoti la ku Ulaya pa mlandu wa wosewera wina dzina lake Bosman, cha mu Disembala 1995, chinamasula osewera a m'maiko a European Union, koma Romania inalowa m'bungwelo mu 2007, ndiye Hagi anakhalabe mlendo.

Chachiwiri chinali Cruyff mwini wake. Mpira wake unali wa malo: aliyense aime pamene wauzidwa, agwire mpira kamodzi kapena kawiri, aupereke. Mfumu m'timuyo inali dongosolo, ndipo mwini dongosololo anali pa benchi atavala jekete. Hagi akaikidwa m'mbali ankalowa pakati kufuna mpira, akaupeza ankafuna kuugwira kaye. Wina sanali wolakwa. Anali anthu awiri okhulupirira mipira iwiri yosiyana. Onjezanipo kuvulala, komanso kuti timuyo inali ikutha mphamvu itangokwapulidwa 4-0 ndi Milan m'fainolo ya 1994. Chimene ochemerera a Barcelona amamukumbukira nacho ndi chigoli chimene anamwetsa kuchokera pakati pa bwalo ku Celta Vigo, kuli chifunga. Anasewera masewero a ligi 36, zigoli 7.

Istanbul

Mu 1996 Romania inagonja masewero onse atatu pa Euro ya ku England, Cruyff anachotsedwa ntchito, ndipo Hagi anali ndi zaka 31. Galatasaray itamutenga, ambiri anaona ngati wapita kukadya za penshoni.

Mphunzitsi Fatih Terim anali ndi gulu la anyamata a ku Turkey a mapapo ngati a akavalo: Okan Buruk, Suat Kaya, kenako Emre Belözoğlu, kutsogolo kuli Hakan Şükür. Timuyo inkapanikiza adani kuyambira kugolo kwawo, mpira wamakono ndithu, wofanana ndi uja unamusowetsa Hagi mu 1989. Koma Terim anachita chinthu chimene Madrid ndi Barcelona sizinachite. Anati anthu asanu ndi anayi athamange, mmodzi aganize. Anyamatawo sanaone vuto kuthamangira munthu amene anakula akumuonera pa wailesi ya kanema. Patapita chaka kunabweranso Popescu, yemwe ndi mnzake wa Hagi wokwatira naye banja limodzi, poti akazi awo ndi pachibale. Kenako kunabwera goloboyi Taffarel wa ku Brazil. Ochemerera pa bwalo la Ali Sami Yen anamupatsa Hagi dzina lakuti Comandante.

Anatenga ligi kanayi motsatizana, kuyambira 1997 mpaka 2000. M'chaka cha 1999-2000 anatuluka mu Champions League m'ndime ya magulu, koma kupambana kwawo 3-2 pa AC Milan m'masewero omaliza kunawapatsa malo mu UEFA Cup. Kumeneko anachotsa Bologna, Borussia Dortmund, Real Mallorca, kenako Leeds United, yomwe kaputeni wake nthawiyo anali Lucas Radebe wa ku South Africa. Semifainolo imeneyo ili ndi chipsera, chifukwa ochemerera awiri a Leeds anabayidwa n'kufa ku Istanbul usiku woti mawa lake kuli masewero oyamba.

Fainolo inali pa 17 Meyi 2000 ku Copenhagen, ndi Arsenal ya Arsène Wenger, ya Thierry Henry, Dennis Bergkamp ndi Patrick Vieira. Okonda Arsenal kwathu kuno, amene alipo ambiri, tsikuli sakonda kulikumbutsidwa. Mphindi 90 zinatha popanda chigoli. Mphindi zowonjezera zitangoyamba, Hagi analimbirana mpira ndi Tony Adams, anakolana, Hagi n'kumumenya kumsana. Kadi yofiira. Masewero aakulu kwambiri a moyo wake wa ku Turkey anawamalizira panja, anzake khumi akuvutika. Taffarel anapatula mpira wamutu wa Henry umene aliyense ankati walowa. Pa mapenate Davor Šuker ndi Vieira anamenyetsa zitsulo za golo, ndipo penate yomaliza anagoletsa Popescu. Aka kanali koyamba kuti timu ya ku Turkey itenge chikho cha UEFA cha makalabu.

Mu Ogasiti chaka chomwecho, Terim atachoka, mphunzitsi watsopano anali Lucescu kachitatu. Galatasaray inagonjetsa Real Madrid 2-1 ku Monaco pa Super Cup, zigoli zonse za Mário Jardel. Bwalo lake linali lomwe lija Hagi anagoletsapo ali wobwerekedwa mu 1987, ndipo timu yogonja inali yomwe ija inamusiya.

Za kadi yofiira ija tisazipepuse, chifukwa sinali ngozi ya tsiku limodzi. Hagi anali wamtima wapachala. Ankakalipira oimbira, ankakalipira anzake, ndipo m'chaka chake chomaliza ku Turkey analandira chilango cha masewero angapo chifukwa cholimbana ndi woimbira. Ena amati moto womwewo ndi umene unkamupangitsa kuyesa zosatheka. Mwina. Koma anzake ndi amene ankalipira.

M'timu ya dziko zinatheranso momwemo. Pa World Cup ya 1998 ku France anagonjetsa Colombia ndi England, osewera onse n'kudaya tsitsi lachikasu pokondwerera. Analepherana ndi Tunisia, kenako Croatia inawatulutsa ndi penate ya Šuker. Hagi analengeza kuti wasiya, koma anthu anamuchonderera mpaka anabwerera mu 1999 kudzathandiza kugonjetsa Hungary. Pa Euro 2000, m'kotafainolo ndi Italy ku Brussels, anapatsidwa kadi yachikasu popweteka Antonio Conte, ndipo patangopita mphindi zochepa anapatsidwa ina woimbira ataona kuti wadzigwetsa dala m'bokosi. Makadi ofiira awiri m'masewero aakulu awiri, pa milungu isanu ndi umodzi yokha. Anapachika nsapato mu 2001, atasewerera dziko lake masewero oposa 120 ndi kumwetsa zigoli 35, chiwerengero chimene Adrian Mutu anadzachifika pambuyo pake osachipitirira. World Cup zisanu ndi imodzi zotsatira, kuyambira 2002 mpaka 2022, Romania sinapiteko.

Mudzi wakewake

Uphunzitsi poyamba sunamuyendere. Anapatsidwa timu ya dziko atangosiya kusewera, Slovenia n'kumutsekera njira ya ku World Cup ya 2002. Anadutsa ku Bursaspor, ku Galatasaray kawiri, ku Timișoara ndi ku Steaua, kwina n'kumachoka patangotha miyezi yochepa atasemphana ndi eni timu. Chachikulu chimene anapeza m'zaka zimenezo ndi chikho cha Turkey cha 2005, pamene Galatasaray inathira Fenerbahçe 5-1. Vuto linali lomwe lija la ku Madrid: pamwamba pake panali munthu wina.

Mu 2009 anayamba kukonza mudzi wakewake. Anatenga ndalama zake n'kumanga sukulu ya mpira ku Ovidiu, kufupi ndi Constanța, pamodzi ndi timu yotchedwa Viitorul, kutanthauza Tsogolo. Mwini wake anali iye, ndipo patapita zaka anadzipatsanso uphunzitsi. Panalibenso womuchotsa ntchito. Mu 2017 timu ya ana ophunzitsidwa pasukulupo inatenga ligi ya Romania. Mmodzi mwa ana odutsa pamenepo ndi mwana wake Ianis, wobadwira ku Istanbul mu 1998, amene anadzasewera ku Rangers ya ku Scotland pamodzi ndi Fashion Sakala wa ku Zambia.

Mu 2021 Viitorul inaphatikizana ndi Farul Constanța, timu ya mzinda umene Hagi anayambira. Mu Meyi 2023 Farul inalandira FCSB, timu imene imalimbirana dzina ndi mbiri ya Steaua ndi kalabu ya asilikali, pa masewero ogamula mwini chikho. FCSB inatsogola 2-0. Hagi, ali ndi zaka 58, imvi zili mbuu, ankakalipa m'mbali mwa bwalo ngati kale. Anyamata ake anabweza chimodzi, chachiwiri, chachitatu. Masewero anatha 3-2, ngati ku Tenerife, koma ulendo uno chikho chinatsala ku Constanța.